PAMAFUWA: Supuni Yachitatu ya Shuga

Miyezi itatu yapitanso, ndipo tikhulupirira kuti mwakolola bwino ndi kuti m'nkhokwe muli kanthu. Ulendo uno tati tikambirane nkhani imene inabuka m'nyumba mwathu momwe, pa mphasa yomwera tiyi, ndipo mpaka lero tikuisinkhabe.

M'mwezi wa Juni tinalandira azakhali athu ochokera kumapiri a Ntchisi, cha ku Nthondo, amene anabwera kuno ku Mponela kudzaona adzukulu. Inu mukudziwa mmene kumazizirira nyengo imeneyi. M'mawa mwake tinawaphikira tiyi wa mkaka, tinatuma mwana kukagula masikono pa okala, ndipo tinaika mbale ya shuga pakati monga mwa ulemu. Azakhaliwo anangokhala chete akuyang'ana manja a ana. Mwana wathu woyamba anathira masupuni atatu osefukira, wachiwiri chimodzi-modzi, ndipo wamng'ono, poona kuti palibe womuletsa, anathira anayi nanyambita supuni. Tsono azakhali anatembenukira kwa ife nati: "Kodi ana inu, paketi ya shuga imatha masiku angati muno?"

Tinayang'anizana, mayi ndi bambo, popanda woyankha. Timadziwa bwino lomwe kuti thumba la chimanga limatifikitsa pati, timadziwanso matumba a feteleza amene tinathira m'munda, koma za shuga tinali tisanawerengepo chikwatirane.

Usiku umenewo tinatenga pensulo ndi kope la mwana. Supuni yaing'ono yomwera tiyi, ikakhala yosasefukira, imanyamula shuga wolemera pafupi-fupi magalamu 4, ndiye kuti m'paketi ya 1 kg muli masupuni 250. M'nyumba mwathu tilimo anthu 6, kuwerengera ndi mphwathu amene tikumuphunzitsa. Aliyense akathira masupuni 3 m'tiyi wa m'mawa, amenewo ndi 18. Tikaonjeza masupuni awiri-awiri m'phala la ana atatu, akwana 24. Pa mawerengedwe amenewa paketi iyenera kutha masiku 10. Koma popeza masupuni athu ndi osefukira, ndiponso pamabwera alendo, paketi imatha m'sabata imodzi. Pa chaka ndi mapaketi 52. Mwanjira ina, banja lathu limadya thumba lathunthu la 50 kg la shuga chaka chilichonse, osawerengera wa m'masiwiti, m'mabisiketi, m'mandasi ogula ndi m'zakumwa za m'mabotolo. Tinabwerezanso kuwerenga poganiza kuti talakwitsa, koma yankho linali lomwelo.

M'mawa kutacha tinawauza azakhali zimene tinapeza. Iwo anaseka natiuza kuti ali mtsikana, shuga ankaoneka m'mudzi pokha-pokha munthu akabwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale, ndipo ankamusunga m'chitini ngati mankhwala. Izi n'zoona ndithu. Munda woyamba waukulu wa nzimbe m'dziko muno unatsegulidwa ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, ndipo wa ku Dwangwa, umene uli pafupi ndi ife kuno, unabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Choncho shuga wa m'paketi wangokhala nafe zaka za munthu mmodzi.

Sikuti makolo athu sankadziwa zotsekemera, ayi. Ankazidziwa, ndipo ankazilaka-laka monga ife. Kusiyana kwake n'kwakuti zotsekemera zawo zinali ndi nyengo. Mvula ikayamba kunali masuku ndi mango. Chimanga chikamakhwima kunali misale, maungu ndi magwafa. Nyengo yozizira kunali nzimbe za kudimba ndi mbatata yofota yootcha paphulusa. Wolimba mtima ankafula uchi m'nkhalango za m'mapiri. Pa ukwati ndi pa ntchito ya kumunda kunali thobwa, limene kutsekemera kwake kunkachokera ku chimera. Chinthu chikatha nyengo yake, anthu ankadikira chinzake. Komanso nzimbe imafuna mano ndi nthawi, ndipo munthu akadya mfundo zingapo nsagwada zimatopa zokha. Supuni ilibe chotopetsa.

Tisamamvane molakwa. Sitikunena kuti shuga ndi mdani, kapena kuti mlendo tizimupatsa tiyi wowawa. Shuga ndi chakudya chololedwa, amapatsa mphamvu msanga, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Nkhani yagona pa muyezo. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalangiza kuti shuga wochita kuthira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi masupuni pafupi-fupi 12, ndipo linanenanso kuti ndi bwino koposa kutsika mpaka masupuni 6. Kwa mwana muyezo ndi wochepera pamenepo. Tsono dziwani kuti mabotolo ambiri a 300 ml a zakumwa zoziziritsa kukhosi amakhala ndi shuga wokwana masupuni 7 kapena 8. Mwana amene wamwa tiyi wa masupuni atatu osefukira m'mawa, nagula filizesi pa geti ya sukulu, madzulo n'kumwa botolo limene bambo abwera nalo, wadutsa kale muyezo wa munthu wamkulu.

Wina afunsa kuti, nanga choopsa n'chiyani? Ife choopsacho tinachiona ndi maso. Alamu athu ena, munthu wa geni amene amayenda m'misika ya Madisi, Malomo ndi Khuwi, kwa zaka zambiri nkhomaliro yawo inali sikono ndi botolo, ndipo pa tiyirumu ankamwa makapu awiri a tiyi wa shuga wambiri. Thupi litayamba kukula, tonse tinkawayamikira kuti geni ikuyenda. Kenaka anayamba kumva ludzu losatha, kudzuka kawiri-kawiri usiku kukataya madzi, ndi kutopa popanda ntchito. Kachilonda kamene anadzicheka ndi khasu kuphazi kanatha miyezi iwiri osapola. Atapita kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Achipatala anawafotokozera kuti matendawa amayendanso m'magazi a kumtundu ndipo sabwera chifukwa cha supuni yokha, koma kunenepa kopitirira, kusayenda-yenda ndi zakumwa zotsekemera zimawatsegulira khomo. Lero alamu athuwo amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama yoyendera kuchipatala imachoka pa mpamba wa geni. Akuluakulu anati chakoma-chakoma pusi anagwa chagada. Ngati wina m'banja mwanu ali ndi zizindikiro tatchulazi, musadikire. Pitani akakuyezeni magazi, pakuti kuyezako sikutenga nthawi.

Kwa ana choopsa chili pawiri. Choyamba ndi mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi amene amabowola dzino, ndipo chimene chimaononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupi-pafupi tsiku lonse. Chachiwiri, chimene ambiri sitichiona, n'chakuti zotsekemera zimapha njala popanda kumanga thupi. Mwana akadya timapaketi tiwiri ta zokhwasula-khwasula nthawi ya 11 koloko, pa nkhomaliro amangotsina nsima n'kukana ndiwo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo chachikulu ndi umphawi, koma china ndi kadyedwe kosasintha-sintha: phala la ufa woyera lothira shuga m'mawa, nsima ya masamba masana, nsima ya masamba madzulo.

Chimene chimatipweteka mtima n'chakuti izi zikuchitikanso kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene kumachokera mtedza, soya ndi nyemba zimene zimadyetsa anthu a ku Lilongwe. Taimani pamsewu pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi m'miyezi ya Meyi ndi Juni muone. Masikelo a mavenda ali ndanda-nda, njinga ndi ngolo zikutsitsa matumba a mtedza ndi soya. Mlimi akalandira ndalama amalowa m'golosale, n'kutuluka ndi shuga, buledi, botolo la sikwashi ndi mabisiketi. Pofika Okutobala mayi akufuna nsinjiro zotendera nkhwani, ndipo akukagula kambale ka mtedza kwa venda yemwe uja pa mtengo wokwera. Tagulitsa chomanga thupi la mwana kuti tigule chongokoma pakamwa. Ifenso tinachitapo zimenezi, osati kamodzi.

Sitikuiwala kuti kugulitsa mbewu sikuchitika mwa kufuna. Pali fizi, sopo, feteleza ndi ngongole. Koma kukwera kwa mitengo kumene kukutikakamiza kuti tiyambe kusankha. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa m'golosale anakwera nthawi yomweyo. Kumayambiriro kwa 2024 shuga anasowa m'masitolo, anthu n'kumaima pa mizere kuti apeze paketi imodzi. Ambiri tinadandaula, koma masabata amenewo anatiphunzitsa kanthu: ana anadya phala la nsinjiro ndi kamchere, ena anamwera tiyi mbatata, ndipo palibe amene anadwala nazo.

Tsono azakhali atabwerera kwawo tinakhala pansi n'kugwirizana zinthu zingapo, zimene tikufuna kugawana nanu.

Tinayamba ndi supuni yachitatu ija. Sitinachotse shuga yense tsiku limodzi, chifukwa tikanayambitsa nkhondo. Mayi anayamba kuthira shuga m'ketulo momwe, m'malo moika mbale pamphasa. Masabata awiri oyamba anathira wokwana masupuni awiri ndi theka pa munthu, kenaka awiri, ndipo pano tili pa imodzi ndi theka. Lilime limazolowera pang'ono-pang'ono, monga tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pano paketi ikutha masabata awiri, ndipo mwana wamng'ono uja anatiuza tsiku lina kuti tiyi wa kwa anansi ndi wotsekemera mopitirira.

Chachiwiri, tinapangana kuti tisanaitane venda, tizipatula kaye mtedza, soya ndi nyemba za pakhomo, ndipo zimenezo zisakhudzidwe ngakhale mtengo utakoma bwanji. Mtedza wosunga ukhale wosasenda, wouma bwino, ndipo thumba lisagone pansi kapena kutsamira khoma. Pali chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usavute kusenda kapena kuti ulemere pa sikelo. Chizolowezi chimenechi n'choipa, chifukwa chinyontho chimabweretsa chuku, ndipo chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndi kulepheretsa ana kukula bwino. Poizoni ameneyu satha ndi kukazinga kapena kuphika. Choipitsitsa n'chakuti ambiri timagulitsa mtedza wabwino n'kusiya wofwifwa, wonyala ndi woboola kuti ndiwo tisinjire ana. Mtedza wotero utayidwe.

Chachitatu ndi phala. Tengani makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo musankhe, mumukazinge mpaka atasintha mtundu ndi kuyamba kununkhira, mumupere kuti makoko achoke, kenaka musakanize ndi chimanga n'kupita kuchigayo. Kasakanizidwe kameneka n'kofanana ndi ka Likuni Phala amene ambiri timamudziwa ku sikelo ya ana. Pophika onjezani supuni ya nsinjiro, ndipo m'malo mwa shuga kanyanimo nthochi yakupsa kwambiri kapena mbatata yophika. Kumbukirani kuti mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, ndipo wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Chachinayi, tinabwezera futali pamalo pake. Sendani mbatata, iduleni, iphikeni ndi madzi ochepa ndi kamchere, ndipo ikatsala pang'ono kupsa thirani nsinjiro, vundikirani, moto ukhale wochepa kuti isapserere. Ikakhala mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, ndiye mwaphatikiza kutsekemera ndi vitamini A m'mbale imodzi. Maungu ndi chinangwa amachitanso bwino. Mwana amene wadya futali m'mawa amafika nthawi yoweruka kusukulu osalira njala, pamene wa sikono ndi tiyi amayamba kuyasamula nthawi ya buleki isanakwane.

Nanga pamene mtima wafuna ndithu kanthu kokoma? Chilakolako chimenechi si tchimo, ndipo mayi wanzeru amachikonzekera. Nthochi zimene zada makoko musataye. Zikanyeni ndi ufa wa mgaiwa, kamchere ndi kasoda pang'ono, muphike chigumu mumphika wa makala pansi ndi pamwamba, kapena mukazinge zitumbuwa. Nthochi ikapsa bwino shuga safunika, kapena supuni imodzi ikwana m'mbale yonse. Mtedza wokazinga, chiponde chosinja nokha, chimanga chokazinga, papaya, ndi madzi a malambe kapena a bwemba othira shuga wochepa, zonsezi ana amazikonda akazizolowera. Ife tinasankha Lachisanu kukhala tsiku la zokoma. Tsiku limenelo mayi amaphika mandasi kapena mkate wa nthochi, ndipo ana amaliyembekeza sabata yonse. Chinthu chodikira chimakoma kuposa cha tsiku ndi tsiku.

Tifike tsopano ku golosale, ndipo pano tilankhule ndi abambo. Ambiri mwa ife abambo timalowa m'sitolo popanda kufunsa amayi chimene chatha kukhitchini. Timagula chimene chili pafupi ndi kauntala, chowala pepala, chimene ana adzatithamangira nacho pofika pakhomo. Timafuna kuti ana atikonde, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma zotsatira zake n'zakuti bambo amakhala wa masiwiti, mayi n'kukhala wa nkhwani ndi kukalipa. Tiyeni tizilemba limodzi zogula tisananyamuke. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga nsima ndi mbatata, za mtundu wa nyemba, za nyama ndi nsomba, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi mafuta. Shuga mulibe m'magulu amenewa. Choncho pa kapepala kathu ayambe ndi mchere, mafuta ophikira, usipa kapena matemba a ku Salima ndi Nkhotakota, mazira ndi sopo. Shuga ndi masamba a tiyi abwere pambuyo, ndipo masiwiti akhale a chenje chotsala.

Pogula, werengani pepala. Mchere ukhale wolembedwa kuti muli ayodini, amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana, ndipo kunyumba muusunge m'chitini chotseka. Onani tsiku lothera mphamvu, maka-maka pa zinthu zotsitsidwa mtengo. Onani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Pa masiwiti otafuna, mabisiketi ndi zina zochokera kunja, yang'anani chizindikiro cha halaal, chifukwa ena mwa masiwiti ofewa amapangidwa ndi gelatine wochokera ku nyama imene sitikuidziwa. Ndipo ngati pa mndandanda wa zimene zili m'katimo shuga walembedwa poyamba, dziwani kuti ndiye wochuluka kuposa zonse. Dziwaninso kuti kugula shuga wa m'timapepala ndi mafuta a m'timachubu tsiku ndi tsiku kumaoneka kotchipa, koma pakutha pa mwezi mwalipira zambiri. Ngati ndalama ndi yochepa, gwirizanani mabanja awiri kapena atatu mugule chachikulu n'kugawana.

Tikumbutsanenso za mwezi wa Ramadhan, pamene shuga amatha msanga m'nyumba zambiri kuposa mwezi wina uliwonse. Munthu amene wamanga tsiku lonse amafuna chotsekemera dzuwa likalowa, ndipo m'pomveka. Koma madzi, tende kapena chipatso, kenaka phala kapena futali, zimabweza mphamvu bwino kuposa kuyamba ndi makapu a sikwashi ndi mbale ya mandasi. Pa daku, chakudya cha mgaiwa, nyemba kapena mtedza chimakhalitsa m'mimba kuposa buledi ndi tiyi. Amene ali ndi matenda a shuga akaonane ndi achipatala mweziwu usanayambe.

Sabata yatha tinakwera kumapiri kukawaona azakhali aja. Tinawatengera paketi ya shuga, pakuti ulemu sitingausiye. Anailandira ndi manja awiri, naiika m'chitini pamwamba pa kabati, kenaka anatiikira mbale ya futali wa maungu ndi chikho cha thobwa. Mwana wamng'ono uja anamaliza mbale yake napempha ina. Pobwerera anatisenzetsa kathumba ka mtedza wa Chalimbana wosasenda, natiuza kuti: "Uwu si wa venda, ndi wa adzukulu anga."

Tikupemphani, awerengi athu, kuti mwezi uno mulembe pakhoma tsiku limene mwatsegula paketi ya shuga ndi tsiku limene yatha. Mukatero tilembereni kalata mutiuze zimene mwapeza, pamodzi ndi maphikidwe a zokoma za kwanuko, kaya ndi ku Mvera, ku Nambuma, ku Kamsonga kapena kwina kulikonse. Makalata abwino tidzawasindikiza pa tsamba lomwe lino. Mpaka tidzakumanenso pamafuwa miyezi itatu ikudzayi, tsalani mu mtendere.